Pakamwa ndimavomera kuti ndine wochimwa, koma mtima ukukana

Okondedwa Aphungu,

Pepani ngati kalatayi ili yosokonekera. Ndikuilemba usiku, onse m'nyumba agona, ine tulo sitikubwera. Chonde musatulutse dzina langa.

Ndine mayi wa Mpingo wa Katolika. Ndinabatizidwa ndili khanda, ukwati wanga unadalitsidwa m'tchalitchi, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwerenga mawu pa Misa komanso kuphunzitsa ana okonzekera kulapa koyamba. Nsalu za paguwa ndinkachapa ndine, popanda wondituma. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti sindine munthu wongobwera kutchalitchi pa Khirisimasi ndi pa Pasaka.

Pali chinthu chimene ndinachita. Sinditha kuchilemba chonse. Ndingoti chikukhudza ndalama zomwe ndinasungitsidwa, ndi mawu amene ndinalankhula pofuna kubisa, mawu amene anachititsa kuti anthu akayikire munthu wina. Nthawi imeneyo kunyumba kunali matenda, bambo a kunyumba sanali pantchito, ndipo cholinga changa chinali kubweza. Zina ndinabwezadi. Palibe amene anafunsa kuti ndinkadutsa m'zotani.

Nkhani ya ndalamayo itamveka, dzina langa linachotsedwa pamndandanda wa owerenga popanda wondiuza. Ndinaziona ndekha papepala lomata pakhomo la tchalitchi, anthu ali kumbuyo kwanga. Kodi kundiitanira pambali kunali kovuta? Amene analowa m'malo mwanga ndi mayi amene ndinamuphunzitsa ndekha kaimidwe ka pagome la mawu, ndi mmene apumire akafika pa mpumiro. Mbiri yake aliyense akuidziwa, koma ine sindinamuulule ngakhale tsiku limodzi. Lero pa nthawi yopatsana mtendere amangondigwira nsonga za zala, maso ali kwina. Mwina muona ngati zazing'ono, koma zimenezi n'zimene ndimagona nazo.

Koma vuto lenileni si iyeyo, ndikudziwa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikudzigunda pachifuwa kumayambiriro kwa Misa, n'kumavomera pamaso pa Mulungu ndi abale kuti ndachimwa m'maganizo, m'mawu, m'zochita ndi m'zimene ndalephera kuchita. Tisanalandire Ukaristia ndimanena ndi anzanga mawu aja a mkulu wa asilikali pa Mateyu 8:8, akuti sindine woyenera kuti Ambuye alowe m'nyumba mwanga. Ndinkawanena mokoma, nthawi zina mpaka misozi. Papa Francis atafunsidwa mu 2013 kuti iye ndi ndani, anayankha kuti ndi wochimwa, ndipo ine ndinawafotokozera ana a m'kalasi langa kuti taonani kudzichepetsa. Kunena kuti “ndine wochimwa” kunali kosavuta pamene tchimolo linalibe dzina. Tsopano lili ndi dzina, anthu akulidziwa, ndipo chilichonse mwa ine chikukuwa kuti si ine ameneyo.

Ndinapita kukalapa. Ndinasankha parishi ina kumene wansembe sandidziwa. Nditagwada ndinaulula kupsa mtima, miseche, kusapemphera m'mawa. Chenichenicho ndinachizungulira, ndinangoti sindinasamale bwino zinthu za ena. Wansembe anandikhululukira m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, ine n'kutuluka wolemedwa kuposa mmene ndinalowera. Ndine ndemwe ndinkaphunzitsa ana kuti wobisa dala tchimo lalikulu sanalape bwino. Ndikudziwa kuti wansembe sangaulule zimene wamva ngakhale atamuopseza ndi imfa. Ndiye ndinkaopa chiyani? Ndikuganiza kuti ndinkaopa kumva pakamwa panga pakutchula mawu oti kuba ndi bodza.

Ndimadziwanso zinthu zitatu zimene zimachititsa tchimo kukhala lalikulu: nkhaniyo ikhale yaikulu, munthu adziwe bwino kuti n'kulakwa, ndipo achite mwakufuna kwake. Usiku ndimazitembenuza zitatuzi kufunafuna potulukira. Ndimati kodi munthu amene ali ndi wodwala m'nyumba amachita mwakufuna kwake? Kenako ndimakumbukira kuti bodza lija ndinalikonza modekha, tsiku lina, wodwala atachira kale.

Kuyambira pamenepo sindikulandira Ukaristia, chifukwa cha chenjezo la Paulo Woyera pa 1 Akorinto 11 lokhudza kudya mkate wa Ambuye mosayenera. Anthu akamadzuka kupita kutsogolo ine ndimatsala pabenchi, ndipo ndimamva maso awo. Mwana wanga wamkazi wandifunsa chifukwa chake, ndinamuyankha kuti m'mutu simuli bwino.

Fanizo la Mfarisi ndi wokhometsa msonkho pa Luka 18 likundisautsa. Nthawi zonse ndinkadziika kumbali ya wokhometsa msonkho, woima patali uja, wosafuna n'komwe kukweza maso kumwamba. Tawerengani mmene ndayambira kalatayi, kundandalika ntchito zanga ndi kuloza mbiri ya mnzanga. Ndi pemphero la Mfarisi lenileni. Ndikuliona, koma kuliona sikukulichotsa. Ndipo sindikuvomereza kuti zabwino zonse zimene ndinachita zinali chinyengo. Ana aja ndinkawakonda. Mawu a Mulungu ndinkawawerenga ndi mtima wonse. Kodi tchimo limodzi limafafaniza zonsezo?

Tsiku lina ndimadzilungamitsa, tsiku lotsatira ndimadzida mpaka kuganiza kuti Mulungu watopa nane ndipo kulibwino ndisiye tchalitchi. Teresa Woyera wa ku Avila anaphunzitsa kuti kudzichepetsa ndi kuyenda m'choonadi. Ndiye pa ziwirizi choonadi n'chiti? Kudzida kumaoneka ngati kudzichepetsa, koma ndikakuyang'anitsitsa ndimapeza kuti ndikulira ulemu wanga umene watayika, osati Mulungu amene ndamulakwira, kapena munthu uja amene dzina lake linada chifukwa cha ine. Petulo anakana Ambuye katatu, analira kwambiri, nabwerera. Yudasi nayenso anamva chisoni, anabweza ndi ndalama zomwe, koma anataya mtima. Ndikuopa kuti chisoni changa chikufanana ndi cha Yudasi. Ndimatsegula Salmo 51, pemphero la Davide mneneri Natani atamudzudzula, koma ndikafika poti tchimo langa lili pamaso panga nthawi zonse, ndimayambanso kuganiza za pepala lija la pakhomo, ndi amene anakhala pansi n'kugwirizana zondichotsa.

Munthu amene anakayikiridwa uja sindinalankhule naye. Amandipatsa moni mwaulemu mpaka lero, ndipo moni wakewo umandipweteka kuposa mnyozo wa ena onse. Mpingo umaphunzitsa kuti chikhululukiro sichichotsa udindo wobweza chimene unatenga ndi kukonza mbiri ya amene unamuipitsa. Ndalama zotsala ndingathe kubweza pang'onopang'ono. Koma mbiri yake ndingaikonze bwanji popanda kunena poyera kuti ndinanama? Bambo a kunyumba akudziwa za ndalama zokha, za bodza sakudziwa.

Aphungu, ndithandizeni. Ndibwerere kukalapa ndi kunena zonse, kuphatikizapo kuti ulendo watha ndinabisa? Ndipite kwa bambo mfumu a parishi yathu amene amandidziwa, kapena kupita kwa wansembe wachilendo n'kuthawa? Kodi kulapa kwanga kungalandiridwe pamene ndikadali ndi mkwiyo ndi amene anandichititsa manyazi, popeza nawonso sanachite bwino? Munthu amasiyanitsa bwanji kudzichepetsa ndi kudzida? Nanga ndiyambe ndi ndani, wansembe, amuna anga kapena munthu amene ndinamunamizira uja? Ngati n'kotheka, funsani wansembe musanandiyankhe.

Ine wanu,
Mayi wosowa mtendere