Abale tiziika manambala pa masamba tisanakaprinte

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga ndinene kankhani kooneka kakang'ono koma kanatsala pang'ono kutipasulira gulu kuno ku Lizulu. Ine ndine mlembi wa gulu la alimi a mbatata ya kachewere, ndiye mu June tinkalemba pulopozo yopempha ngongole ya feteleza. Masamba ena ndinataipa pa laputopu ya mlamu wanga, ma risiti ndi mndandanda wa mamembala ndinangojambula pa foni nkuphatikiza zonse kukhala PDF imodzi ya masamba 23. Pokaprinta pamsika mnyamata wake akuti stepula yatha mawaya, basi tinangowapinda nkuika mkati mwa kope.

Tsiku la msonkhano tinakhala panja pa tchalitchi poti mkati munali kwaya, ndipo mphepo ya mwera ya kuno mukuidziwa inu, a tcheya atangotsegula kope mapepala onse balala, ena mpaka m'dimba la kabichi. Kutola tinatola inde koma kuti ili likutsatana ndi liti palibe anadziwa. Bajeti ya chaka chatha inakalowa pakati pa ya chaka chino, masamu osagwirizana, anthu ayamba kuwayang'ana a msungichuma ndi diso loipa, mayi wina mpaka anamanga chitenje kuti ine za akuba sindikhala nawo.

Amene anandiombola ndi mwana wa achemwali anga. Ine ndimaganiza kuti manambala amaikidwa mu Word mokha, ndiye mapepala ojambula aja ungawaike bwanji mu Word. Iye anangotsegula Chrome pa foni yanga yomweyi nkupita pa webusaiti ya iLovePDF, pali malo alembapo Page numbers, umasankha fayilo yako, kenako umadina pomwe ukufuna nambala ikhale, pamwamba kapena pansi, pakati kapena pakona. Ukhozanso kuiuza kuti chikuto isachiwerenge iyambire tsamba lachiwiri, ndipo chomwe chinandisangalatsa ine nchakuti imatha kulemba kuti tsamba 7 mwa masamba 23, ndiye likasowa limodzi umadziwa pompo. Ukatero umadawunilodi, zatha. Palibe kuika app, ndipo webusaiti ina ya Smallpdf nayo imaika manambala pa masamba. Bandulo yokha ndi imene imalira poti zithunzi za pa foni zimalemera, bola kuyamba wachepetsa fayiloyo pomwe alemba Compress PDF.

Koma chenjezo, fayilo ija imachoka mufoni mwako kupita pa makompyuta awo kunja uko. Eni ake amati amafufuta pakapita maola ochepa, komabe ine masamba okhala ndi ziphaso za unzika za mamembala ndinawachotsa, amenewo ndinalemba manambala ndi bolopeni. Chiphaso cha munthu wina si chako choti uzingoponya paliponse.

Pempho langa lipite kwa alembi anzanga a mipingo, makomiti a chitukuko a m'midzi (ma VDC), mabanki m'khonde ndi aphunzitsi amene mumatitumizira ma minitsi ndi manotsi pa WhatsApp, komanso inu a ma stationery muzimufunsa kasitomala musanadine print. Pamsonkhano wotsatira a tcheya ankangoti tsegulani tsamba 9 aliyense nkutsegula, ngakhale a msungichuma mpaka lero moni amandiyankha ndi mphuno.

Mlembi wa gulu la alimi,
Lizulu, Ntcheu