Usanasaine mapepala a ngongoleyo

Mwana wanga,

Mapepala unanditumizira aja ndawawerenga kawiri. Ndakondwa kuti ukufuna kuleka kulipira lendi pamalo amene umakhomerapo mipando n'kugula nyumba yakoyako, ndipo ngongole ya SBA 504, ya bungwe la boma la America lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono, inakonzedwera zoterezi. Banki ipereka theka la mtengo wa nyumbayo ndi makina, bungwe lokongoza mabizinesi ang'onoang'ono limene amati CDC lipereka mpaka 40 peresenti moikiridwa kumbuyo ndi boma la America, iwe n'kuikapo 10 peresenti. Bizinesi yako ikanakhala yosakwana zaka ziwiri akanafuna 15. Chiwongoladzanja cha mbali ya CDC sichisinthasintha, ndipo ungabweze kwa zaka 10, 20 kapena 25. Pamenepo ndilibe mawu.

Chimene chandisowetsa tulo ndi zimene unanena pafoni, zoti "boma ndiye laima kumbuyo". Laimadi, koma laima kumbuyo kwa okongoza ndalama, osati kwa iwe. Aliyense amene ali ndi gawo la 20 peresenti kapena kuposa mu bizinesi amasainira kuti zikadzavuta adzabweza kuchokera m'thumba mwake. Makasitomala akadzachepa, nyumbayo idzagulitsidwa, ndipo ndalama zikadzaperewera adzatsata za iwe mwini, zimene mwasunga ndi mkazi wako. Kodi iye wauona mzere umenewu? Ndinaonapo banja likupasuka chifukwa mwamuna anasaina yekha, mkazi n'kudzamvera kwa okongoza. Mukhale pansi awiri, mumuwerengere mokweza.

Zija zoti zipinda zambiri udzachititsa lendi kuti alendi azikubwezera ngongole, uziiwale. Lamulo lake likuti bizinesi yako igwiritse ntchito 51 peresenti ya nyumbayo kapena kuposa, ndipo ukamanga yatsopano ndi 60. Ndalamazi sungagulirenso matabwa kapena kulipira antchito. Ndiye ukakokolola zonse uli nazo kuti ukwanitse 10 peresenti ija, mwezi woyamba udzalowa m'nyumba yokongola, makina ali phee, wopanda chogulira thabwa ndi limodzi lomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati pafunika kudikira miyezi ingapo kuti usunge zoyendetsera ntchito, dikira.

Ufunsenso za chindapusa cha kubweza msanga, chifukwa pa ngongole ya zaka 20 kapena 25 chimakhalapo zaka khumi zoyambirira. Komanso theka la banki lija lili ndi malamulo akeake, chiwongoladzanja chake chikhoza kudzakwera. Pepala limenelo sunanditumizire. Unditumizire Lamlungu lisanafike, tidzakambirane mkazi wako ali pomwepo.

Amayi ako akupereka moni kwa adzukulu.

Ndine,
Bambo ako