Kodi mtengo wa galimoto za 4x4 zamanyado umalingana ndi ntchito yake?

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu kuti ndiikepo mlomo pa mkangano umene okonda galimoto satopa nawo, wokhudza galimoto zikuluzikulu zokoka ndi matayala onse anayi, zimene ambiri amangoti 4x4, makamaka zamanyado zija monga Range Rover, Mercedes-Benz G-Class ndi Lexus LX. Ena akamva mtengo wake amati kumeneko ndi kuba kwa dzuwa likuswa mtengo, pamene ena amati wodandaula ndi amene sanakhalemo. Ine ndagwira chiwongolero cha galimoto zoterezi kwa zaka zambiri, ngakhale kuti panalibe ndi imodzi yomwe imene inali yanga, ndipo ndaona kuti pa mtengo wake pali ndalama ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Ina munthu amalipirira chitsulo ndi luso la amisiri, ina amalipirira kuti anthu azicheuka iye akamadutsa.

Galimotozi sizinabadwire m'chuma. Jeep ya ku America anaipangira asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondoyo itatha, Maurice Wilks wa kampani ya Rover ku Britain, amene ankagwiritsa ntchito Jeep yotsala kunkhondo pamunda pake, anaganiza zopanga ina yoti izithandiza alimi, ndipo mu 1948 Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam. Thupi lake analipanga ndi aluminiyamu chifukwa chitsulo chinkasowa nthawi imeneyo. Toyota inatulutsa yake mu 1951, ndipo dzina loti Land Cruiser linadza mu 1954. Ngakhale Range Rover, imene lero anthu amaiona ngati chizindikiro cha ulemerero, pamene inkatuluka mu 1970 inali ya zitseko ziwiri zokha za m'mbali, mipando yake sinali yachikopa, ndipo pansi anayalapo mphira kuti mwini wake akabwera kumatope azingotsuka ndi paipi ya madzi. Zinali zida zogwirira ntchito, ndipo wofuna kuoneka wolemera sankazicheukira n'komwe.

Tsono ndalama ya chitsulo ndi luso ija imapita kuti? Galimoto wamba imatumiza mphamvu ya injini kumatayala awiri okha. Ya 4x4 imafuna giyabokosi yachiwiri yogawa mphamvuyo kutsogolo ndi kumbuyo, mashafuti owonjezera, ndi madifu awiri kapena atatu m'malo mwa imodzi. Giyabokosi yachiwiriyo ndiyo imapereka magiya otsika kwambiri aja, amene galimoto imakwerera chitunda chamiyala pang'onopang'ono ngati nanzikambe koma ndi mphamvu yaikulu. Za difu ndiyenera kufotokoza pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona kusiyana kwa 4x4 yeniyeni ndi yongotengera maonekedwe. Ntchito ya difu ndi kulola tayala lakunja kuti lizungulire mofulumira kuposa lam'kati galimoto ikamakhota. Pamsewu wa phula zimenezi n'zofunika, koma m'matope zimasanduka tsoka, poti mphamvu imathawira kutayala limene likuterereka, linzake lija limene lagwira nthaka lili phee. N'chifukwa chake amaikamo maloko okakamiza matayala kuzungulira pamodzi, ndipo G-Class, imene yakhala ikupangidwa ku Graz m'dziko la Austria kuyambira 1979, ili nawo atatu. Onjezanipo shasi yolimba yoti isapindike tayala limodzi likalendewera m'mwamba, kumata mawaya ndi polowera mpweya kuti galimoto iwoloke madzi, amene kwa Range Rover yamakono amafika masentimita 90, ndiponso miyezi yoiyesa m'zipululu zotentha ndi panyanja zouma ndi chisanu monga za ku Arjeplog, kumpoto kwa Sweden. Zonsezi ndi ndalama, ndipo pamenepa sindiona chinyengo.

Komabe zimenezi pazokha sizifikitsa mtengo kumene wafikako, chifukwa pikapu yonyamula katundu ili ndi zambiri mwa izo. Mtengo umalumpha pamene opanga afuna kuti galimoto imodzi ikhale ndi makhalidwe awiri osagwirizana. Ya kutchire imafunika kukhala yaitali kuchokera pansi, ya masipuling'i ofewa otha kutambasuka kwambiri. Yothamanga pamsewu waukulu imafunika yaifupi ndi youma kuti isapendeke pakona. Poyanjanitsa ziwirizi opanga ambiri amachotsa masipuling'i achitsulo n'kuikapo matumba a mpweya amene amakweza kapena kutsitsa galimoto, amaikamo kompyuta yoyeza kugwira kwa tayala lililonse kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndi timakina tokaniza thupi kupendama. Zonsezi zimalemera. Galimoto ikafika matani awiri ndi theka imafuna injini yaikulu kuti inyamuke msanga, mabuleki aakulu kuti iime, ndi magalasi ochindikala kuti wokhala m'kati asamve phokoso. Chilichonse choikidwa pothetsa vuto limodzi chimabala lina, limenenso limathetsedwa ndi ndalama.

Palinso nkhani ya chiwerengero. Toyota yagulitsa Corolla zopitirira 50 miliyoni kuyambira 1966, kotero kuti ndalama zokonzera mapulani ndi makina a m'fakitale zimagawika pa ogula ochuluka zedi. Galimoto yamanyado imapangidwa yochepa, chikopa chake chimasokedwa ndi manja, matabwa a m'kati amasankhidwa kuti mizere yake ilingane, ndipo mtolo wonsewo umasenzedwa ndi anthu owerengeka. M'mayiko ambiri boma limaonjezerapo msonkho wokwera motengera kukula kwa injini, utsi umene imatulutsa kapena mtengo wa galimotoyo.

Ndalama yachiwiri ija, yolipirira kuti anthu azicheuka, ndiyo ndikufuna owerenga aiganizire bwino. Mu 2002 Porsche, kampani yodziwika ndi galimoto zazifupi zothamanga, inatulutsa 4x4 yaikulu yotchedwa Cayenne, imene inaipanga mogwirizana ndi Volkswagen pamaziko amodzi ndi Volkswagen Touareg. Okonda Porsche anakwiya, koma pasanapite nthawi Cayenne inkagulidwa kuposa 911, galimoto yothamanga yotchuka ya Porsche, ndipo makampani ena ataona zimenezi anathamangira komweko: Bentley ndi Bentayga mu 2015, Rolls-Royce ndi Cullinan mu 2018, mpaka Ferrari ndi Purosangue mu 2022. Chimene ogula ambiri sachilabadira n'chakuti Touareg, Audi Q7, Cayenne, Bentayga ndi Lamborghini Urus zonse ndi za banja limodzi la Volkswagen ndipo zakhala pamaziko amtundu umodzi. Sindikunena kuti ndi galimoto imodzi yongosinthidwa chizindikiro, chifukwa injini, zam'kati ndi kayendedwe kake zimasiyana ndithu. Koma mtengo wa yapamwamba umapinda wa yapansi kangapo konse, ndipo palibe makaniko angandiuze kuti chitsulo chakenso chapindidwa kangapo. Chotsalacho ndi mtengo wa dzina. Katswiri wa zachuma Thorstein Veblen anaona kale mu 1899 kuti pali katundu wina amene anthu amamugula n'cholinga choti ena aone kuti iwo angathe, ndipo katundu wotere akatsika mtengo amataya chokomera chake. Amene anatcha galimoto yawo Cullinan, dzina la dayamondi wamkulu uja anapezeka ku South Africa mu 1905, ankadziwa bwino chimene akugulitsa, ndipo sichinali luso lowoloka madambo.

Munthu akagula, kulipira sikuthera pomwepo. Akuluakulu anati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma ambiri amalowa m'banja limeneli atangoona mtengo wa tsiku logula. Injini yaikulu yokoka thupi lolemera imamwa mafuta osati masewera. Tayala limodzi lalikulu limadula kuposa awiri a galimoto wamba, ndipo kulemera kumalidya msanga. Matumba a mpweya aja ndi a mphira, ndipo mphira umakalamba. Tsiku lina mwini wake amadzuka n'kupeza galimoto yagwada mbali imodzi ngati ngamila. Vuto laling'ono la mawaya limafuna kompyuta ya kampani yomweyo kuti lidziwike, choncho makaniko wodziwa sipanala yekha amangokanda m'mutu. Akuba nawonso amazikonda, moti ku Britain inshulansi ya Range Rover inafika povuta kupeza kufikira kuti mu 2023 kampani yake inayamba kupereka inshulansi yakeyake. Mizinda ina yayamba kuzilipiritsa chifukwa cha kukula kwake: mu February 2024 anthu a ku Paris anavota kuti galimoto zolemera za alendo zizilipira mtengo wopinda katatu poimika. Koma chimene chimadya ndalama zambiri mwakachetechete ndi kutsika kwa mtengo wake. Wogula galimoto yamanyado yogwiritsidwa kale ntchito amadziwa kuti akugulanso matenda ake, choncho amanenerera kwambiri, ndipo wotaya ndi mwini woyamba uja.

Ambiri amadziteteza ponena kuti anagula chifukwa cha chitetezo cha banja. Pamenepa pali choona pang'ono. Galimoto yolemera ikawombana ndi yopepuka, okwera yolemerayo kawirikawiri ndiwo amapulumuka bwino, ngakhale kuti phindu limenelo amalipira ndi anzawo a m'galimoto inayo pamodzi ndi oyenda pansi, amene boneti yaitali imawamenya pachifuwa m'malo mwa miyendo. Chimene ndikufuna dalaivala aliyense asunge n'chakuti 4x4 imathandiza ponyamuka, osati poima. Galimoto iliyonse, ngakhale kakang'ono kwambiri, ili ndi mabuleki kumatayala onse anayi. Pamsewu woterera 4x4 imanyamuka bwinobwino, dalaivala n'kumayesa kuti msewu ukugwira, ndipo amadzazindikira zoona zake atafika pakona, matani awiri ndi theka akumukankha kumbuyo. Kutalika kwakenso kumaichititsa kuti izigubuduka msanga kuposa yaifupi ikakhotetsedwa modzidzimutsa, ngakhale kuti makompyuta a masiku ano achepetsako vutoli.

Nanga n'zoyenera kugula? Kwa amene ntchito yake ili kumene phula silinafike, monga dokotala wa ziweto, woyeza malo, wa migodi kapena wonyamula odwala, 4x4 si manyado ayi, ndi khasu lake. Koma taonani zimene anthu otere amasankha. Amakonda zonga Land Cruiser 70, imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1984 osasintha kwenikweni, chifukwa ikawonongeka kutali imakonzeka ndi zida wamba, ndipo ikamagulitsidwa patapita zaka mtengo wake sugwa kwambiri. Palinso kagulu kakang'ono ka anthu amene amayendadi maulendo ataliatali pamisewu yoipa, kapena amakoka ngolo zolemera, ndipo msana wawo umafuna mpando wabwino. Kwa iwowa Land Cruiser yaikulu kapena Lexus LX ili ndi tanthauzo, ndipo sindikudabwa kuti Land Cruiser 300 itatuluka mu 2021 ogula ku Japan anauzidwa kuti angadikire mpaka zaka zinayi. Wachitatu ndi munthu amene ndalama anazipeza mwachilungamo, sizimusowa, ndipo amangokonda kukhala pamwamba, mwabata, pachikopa chofewa. Ameneyu sindimuweruza, bola avomereze kuti wagula chisangalalo monga ena amagulira wotchi yodula, asatinamize kuti ndi nzeru za kasungidwe ka chuma. Amene ndimamumvera chisoni ndi wotenga ngongole kuti aoneke wofanana ndi wachitatuyu, komanso bungwe limene limagulira mkulu wake galimoto yotere ndi ndalama za anthu ena ponamizira misewu yoipa, pamene maulendo ake onse ndi a kunyumba ndi kuofesi.

Chodabwitsa n'chakuti galimoto ikakwera mtengo kwambiri m'pamenenso imaleka kupita kumene inapangidwira. Opanga amaika maloko a difu ndi magiya otsika, kenako pofuna kukongoletsa amaiveka malimu a mainchesi 22 kapena 23 ndi matayala opyapyala m'mbali, amene mwala wakuthwa umodzi umawang'amba. Bwana wina amene ndinamuyendetsa kwa zaka zinayi anali ndi galimoto ya mtundu umenewu, ndipo batani la magiya otsika silinadinidwepo ngakhale kamodzi. Tsiku lina mvula itagwa tinafika pamene phula linathera, kutsogolo kuli matope ndi zitsamba zaminga mbali zonse ziwiri. Ndinawauza kuti, "Bwana, galimotoyi idutsa popanda vuto, mpamene anaipangira pamenepa." Iwo anatsitsa galasi, anayang'ana mingayo, kenako anayang'ana penti, n'kundiuza kuti ndiimike pambali. Tinadikira pafupifupi ola lathunthu mpaka pikapu yakale yonyamula matumba inatulukira, ndipo bwana anamaliza ulendo wawo atapanikizana ndi dalaivala wa pikapuyo kutsogolo, ine ndili mlonda wa galimoto kumbuyo.

Ndine wowerenga wanu,
Dalaivala wopuma pantchito