Za chisikirini chako ndi mnzako uja

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, apongozi anga ndi kamdzukulu kanga. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Salima ukulidziwa, usiku tikuyala mphasa pakhonde. Amayi ako miyendo ija yayambanso, koma akuyenda ndithu.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula pakamwa. Ndisanafike n'komwe pamene pali nkhani, iwe wayamba kale kuti "ndamva adadi, ndamva." Ndiye uwerenge mpaka pansi.

Mlongo wako atabwerako kwanuko anatiuza za chisikirini cha kompyuta chimene wagula. Usamukalipire, iye amanena mokunyadira. Akuti n'cha Samsung, cha mainchesi 49, chopindika, m'lifupi mwake kupitirira mita imodzi, ndipo akuti ukamakonza mavidiyo a maukwati zonse zimaoneka pamodzi osasinthasintha. Mtima wanga unasangalala. Ndinakumbuka mmene unkandithera choko m'shopu muja, kujambula galimoto pa malata a anthu, ine n'kumapukuta makasitomala asanabwere. Lero kujambula komweko kukudyetsa banja. Palibe chimene ndingadandaule pamenepo.

Koma atapitiriza kulankhula, nsima inandikanika. Akuti ndalama zake zina unatenga katapila, ndipo amene anakupezera mwini katapilayo ndi mnzako uja. Akutinso yemweyo tsopano wakupezera mkono wachitsulo wokolekapo chisikirinicho pa desiki, wotchipa, wopanda bokosi, wopanda pepala, wongochokera kwa "munthu wina wa m'tauni." Mwana wanga, mnyamata ameneyu mpaka liti? Si yemwe uja anakubwereka njinga uli Fomu 2, n'kubwera nayo foloko itapindika, iwe n'kumanama kuti unagwa wekha? Ndinadziwa tsiku lomwelo. Ndinangokhala chete chifukwa amayi ako anandigwira mkono.

Za makompyuta sindidziwa, koma za chitsulo chonyamula katundu usandiphunzitse. Ma TV ambiri a m'malo ogona alendo ku Senga Bay anakwera pakhoma ndi manja angawa, ndipo mabulaketi ena ndinkawotcherera ndekha. Ndinamuuza mlongo wako andiwerengere manambala amene opanga zinthuzi amalemba. Chisikirini cha mtundu wakowo, ukachichotsa mwendo wake, chimalemera pafupifupi makilogalamu 14. Mikono yambiri yotchipa imene imadzaza m'mashopu inapangidwira masikirini wamba a mu ofesi, ndipo imalekezera pa makilogalamu 8 kapena 9. Ngakhale wa kampani yodziwika ya ku America, Ergotron, umene amautcha LX, umalekezera pa makilogalamu 11.3. Wa katundu wolemera ndi wina, amautcha HX, umenewo umanyamula kuyambira 9.1 mpaka 19.1. Sindikunena kuti ugule umenewo, mtengo wake ndi wina ndipo uyenera kuitanitsa kunja. Ndikungofuna uone kuti anthu amene amapanga zinthu zimenezi amalemba malire ake poyera. Nanga wa mnzakowo malire ake alembedwa pati? Ukamufunsa akuuza kuti "ndi wolimba, aise, tangougwira." Kulimba kwa chitsulo sikuyesedwa ndi kuchigwira m'manja.

Ndipo makilogalamuwo si nkhani yonse. Tenga ndowa yodzaza madzi uinyamule pafupi ndi ntchafu, uyenda nayo mpaka kunyumba. Ndowa yomweyo uitambasulire mkono kutsogolo, uone ngati utha kuwerenga mpaka khumi. Madzi ndi omwewo, chasintha ndi kutalika. Sikirini yopindika ili ndi vuto lomweli, mbali zake ziwiri zimabwera kutsogolo, ndiye kulemera kwake sikukhala pafupi ndi chitsulo chimene chaigwira kumbuyo. Chimene chimayamba kugonja si mkono wonse ayi, ndi kamfundo kakang'ono kakumapeto, kamene kamaweramitsa ndi kudzutsa sikirini. Umamanga lero, mawa m'mawa upeza sikirini yazolika ikuyang'ana desiki. Umanganso mwamphamvu, mano a bawuti n'kutha. N'chifukwa chake a Ergotron omwewo amagulitsanso padera kamfundo kolimba kopangira masikirini opindika kwambiri ngati yakoyo. Ngati kampani yaikulu inaona kuti mfundo wamba siikwanira, chitsulo chopanda dzina chochokera m'chikwama cha mnzako chikwanira bwanji? Ine ndikamasankha bulaketi sindinkafuna yongokwana ndendende. Katundu wa makilogalamu 14 ndinkamufunira chitsulo cholembedwa 18 kapena 20.

Ndinaitanidwapo pamalo ena ogona alendo kunyanjaku kuti ndikaone TV imene inagwa usiku. Anaikoleka ndi anyamata ena otchipa, pa bulaketi ya TV yaing'ono. Mwayi wake m'chipindamo munalibe munthu. Mwini malowo anangoima chilili, manja m'chiuno, magalasi ali mbwee pansi. Ndalama imene anapulumutsa pa bulaketi sinakwane ngakhale kugula rimoti ya TV yatsopano. Ndiye iwe m'nyumba mwako muli mwana amene wayamba kugwira miyendo ya matebulo n'kuimirira. Ukuganiza amasewera kuti bambo ake akamagwira ntchito? Pansi pa desiki pomwepo. Iwenso unkatero, unkakhala pansi pa benchi langa kutola timabawuti n'kumaika m'kamwa.

Tsono kumbuyo kwa sikiriniyo kuli mabowo anayi. Muyeso wake amautcha VESA, ndipo pa masikirini a makompyuta nthawi zambiri amatalikirana mamilimita 75 kapena 100 mbali zonse. Ma TV ndiwo amafika 200 kapena 400. Yakoyo ndi ya 100, koma chifukwa kumbuyo kwake n'kozungulira, m'bokosi mwake mumabwera kachitsulo kena kolumikizira. Bokosilo unataya? Ukalifufuze lero lomwe, apongozi anga asanayatsire mbaula katoniyo. Mabawuti ake ndi a saizi imene amaitcha M4, aafupi. Usatole aliwonse m'chitini. Bawuti yaitali imapyola n'kukagunda zam'kati, yaifupi kwambiri imangogwira mano awiri n'kuzuka tsiku lina.

Ndibwererenso kwa mnzakoyo, chifukwa ndi amene akundisowetsa tulo, osati chitsulo. Dzifunse wekha, pa katapila uja iye anadyapo zingati? Pa mkono uwu adyapo zingati? Munthu amene nthawi zonse amadziwa "winawake" amene ali ndi katundu wotchipa, koma iye mwini alibe ntchito yooneka, amadya kuti ngati si pa anzake? Chinthu chopanda lisiti chikathyoka ukadandaula kwa yani? Ndipo chikakhala chakuba, apolisi akabwera adzapeza chili pa desiki ya yani? Iye adzakhala atazimitsa foni. Sindikumuda mwana wa eni ake, amayi ake tinkapemphera nawo limodzi, anali munthu wabwino. Koma ine ndakuona ukulira chifukwa cha iye kuyambira uli wamng'ono, ndipo sunaphunzirebe kumukana. Uli ndi mtima wa amayi ako, wosatha kunena kuti ayi.

Desiki yako ija ndinaiona. Ndi zija za utuchi wopanikiza, zokutidwa ndi pepala looneka ngati thabwa. Zimenezo zimakongola m'shopu basi. Mkono wa sikirini umaluma m'mphepete mwa desiki ndi chopanira, ndipo mphamvu yonse ija ndanena imathera pa kamalo kochepa ngati chikhatho. Pa utuchi chopaniracho chimalowa pang'onopang'ono, thabwa limafufuma, makamaka nyengo ya mvula chinyezi chikalowa, kenako limanyotsoka. Ukhoza kugula mkono wabwino kwambiri wa padziko lonse, koma ukauika pa desiki imeneyo wataya ndalama. Pamafunika thabwa lenileni, lochindikala masentimita atatu kapena anayi, ndipo pansi ndi pamwamba pa chopanira uikepo chitsulo chafulati kuti kulemera kumwazike. Ena amaboola desiki n'kupyoletsa bawuti yaikulu, njira imeneyo ndiyo ndimaikhulupirira kuposa chopanira, bola thabwalo likhale lolimba. Uonenso miyendo ya desikiyo. Desiki yopepuka, ukakokera sikirini kutsogolo, imatha kudzuka kumbuyo n'kukugwera pamiyendo.

Za kukhoma pakhoma usaganize n'komwe. Nyumbayo ndi ya lendi, alandilodi ako sangalole, ndipo makoma a nyumba zambiri zimenezo ndi njerwa zomangira dothi, pulasitala pamwamba. Bawuti imalowa mosavuta, imatulukanso mosavuta. Iwe sunabadwe pamene chivomezi cha mu Malichi 1989 chinagwedeza Salima, koma ife tinaona makoma amene tinkati ndi olimba atang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kuyambira pamenepo khoma limene sindinaone akulimanga sindilipatsa katundu.

Ukadzapeza mkono woyenera, usaumange wekha. Mmodzi agwire sikirini, wina amange. Mkati mwa mkonowo muli sipuling'i, ina ndi ya gasi, ndipo imamangidwa ndi kasipanala kopindika kotchedwa Allen key kufikira sikirini itaima pamene waisiya, osatsika yokha, osakweranso yokha. Pochotsa sikirini usaike nkhope pamwamba pa mkono, chifukwa katundu akachoka umadumpha, ukhoza kukuthyola mano. Zingwe uzisiyire mpata, zisakokeke ukamatembenuza. M'mphepete mwa pamwamba pa sikiriniyo mukhale molingana ndi maso ako kapena pansi pang'ono, ndipo ukhale patali ngati kutalika kwa mkono wako, mwinanso kupitirirapo poti yakoyo ndi yaikulu. Khosi ndi lako, udzalifuna ukadzafika msinkhu wangawu.

Koma zonsezi ndalemba kuti udziwe chabe. Zimene ndikufuna ine ndi izi: usagule mkono uliwonse panopa. Chisikirinicho chinabwera ndi mwendo wake, wopangidwa ndi anthu amene anachiyeza. Mlongo wako akuti umadandaula kuti mwendowo ukudya malo pa desiki. Udye malowo! Kodi malo a pa desiki ndi amene akukusowetsa tulo, kapena mwini katapila? Katapila sagona, mwana wanga, mwezi ukatha chiwongoladzanja chimabereka chinzake. Ndaona amuna anzanga pa Kamuzu Road pano akulandidwa mashini owotcherera chifukwa cha ngongole imene inayamba ngati nthabwala. Ndalama iliyonse imene ukupeza pa maukwati a nyengo ino ipite kumeneko mpaka ngongoleyo ithe. Ukumbukenso kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wochokera kunja sanatsikenso mtengo. Chisikirini chimenecho chikasweka lero, china sudzachigula msanga, koma ngongole yake udzalipirabe yonse, uku ntchito yaima.

Ndipo usabwerekenso kwina kuti ubweze katapilayo. Ndikudziwa mnzakoyo akuuza zimenezo, kuti pali wina wa chiwongoladzanja chochepa. Ukamva mawu amenewo udzuke uzipita. Undiuze chilungamo kuti yatsala zingati. Sindikulonjeza zambiri, mpunga wa chaka chino sunachite bwino, koma mbuzi zilipo, ndipo kuli bwino ndigulitse ziwiri kusiyana n'kumva kuti anthu abwera kudzanyamula katundu pamaso pa apongozi anga. Kodi iwo akudziwa za ngongoleyi? Ngati sakudziwa, uwauze usiku womwe uno, asamvere kwa anthu.

Desiki ndikupangira ine. Kuseri kwa shopu kuli matabwa a mlombwa aja anatsala pa zitseko za amalume ako, auma bwino, chiswe sichinawakhudze. Miyendo ndiwotcherera ya chitsulo, ndiikanso chafulati pamalo podzamangira mkono, kuti tsiku limene udzagule woyenera, wa m'bokosi, wa lisiti, udzangomanga. Unditumizire muyeso wa chipindacho, m'litali ndi m'lifupi mwa malo amene desikiyo idzakhale, ndi kutalika kwa mpando umene umakhalira. Uyeze ndi tepi, osati ndi mapazi monga umachitira. Chisikirinicho usabwere nacho kuno kuti ndidzachione, msewu wa Lilongwe uno ndi maminibasi ake sungachisiye chamoyo. Ungojambula kumbuyo kwake ndi pepala lake la manambala, utumize pa foni ya mlongo wako.

Chitsulo cha mnzakocho umubwezere mawa. Ngati unapereka kale ndalama, zisiye, usakangane naye, koma m'nyumba mwako chisagone. Akakufunsa chifukwa, unene kuti bambo anga akana. Ine andide, ndazolowera.

Amayi ako akupereka moni, akuti mwanayo mubwere naye pa Khirisimasi adzamuone asanaiwale nkhope zathu. Atumiza kilombero pang'ono ndi usipa wouma, zidzabwera ndi mlamu wako Loweruka, ukamudikire ku depoti. Yankho la ngongoleyo ndikulifuna sabata ino.

Ndine bambo ako.