Zimene anapeza m'chiwindi mwanga

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomo. Pepani kuti ndinakhala chete milungu itatu. Sindinafune kukuuzani nkhani yosapsa.

Kupweteka kwa m'munsi mwa nthiti kuja, atandiunika pa sikani anaona chotupa pachiwindi. Koma chithunzi sichinena kuti chotupacho n'chamtundu wanji, ndiye anati atengeko kachidutswa. Anayamba ayeza ngati magazi anga amaundana msanga, poti chiwindi chikabooledwa chimatha kukha magazi. Kenako anandibaya mankhwala ochititsa dzanzi, n'kulowetsa singano yaitali, yopyapyala, pakati pa nthiti za kumanja, maso a dokotala ali pa sikani. "Gwirani mpweya," anatero. Sizinatenge nthawi. Chodabwitsa, pomwe panandipweteka pambuyo pake ndi paphewa la kumanja, osati pobayapo. Ndinagonera mbali yomweyo maola angapo, namwino akubwerabwera kudzandiyeza.

Zimene singano inatulutsa n'zochepa zedi, Amayi, ngati kadontho ka magazi. Anazipaka pakagalasi, n'kuzithira utoto kuti maselo aoneke pa maikulosikopu.

Apa ndi pomwe zinavuta. Khansa ya chiwindi yodziwika ija kawirikawiri imagwira munthu amene chiwindi chake chinawonongeka kale ndi hepatitis B kapena mowa, ndipo nthawi zambiri chinthu chotchedwa AFP chimakwera m'magazi. Ine hepatitis ndilibe, AFP ili bwinobwino, chiwindi chonse n'chosalala kupatula pomwepo. Maselo anawapeza aakuluakulu, okhala ngati ali ndi timchenga m'kati, koma singano yopyapyalayo sinabweretse mnofu wokwanira kuti aone mmene akhalirana. Anandibayanso ndi yokulirapo. Ndinadandaula, komabe anachita bwino, chifukwa ulendo uno anaona timizere ta ulusi tolekanitsa maselowo.

Ndi mtundu wina wa khansa ya chiwindi, dzina lake ndi fibrolamellar carcinoma. Imapezeka mwa apo ndi apo, makamaka mwa achinyamata ndi anthu osakwana zaka 40 omwe chiwindi chawo chinali chabwino. Anatsimikiza atapeza majini (tizinthu ta m'maselo tolamulira mmene maselowo amagwirira ntchito) awiri, DNAJB1 ndi PRKACA, atalumikizana molakwika, chizindikiro chomwe akatswiri anachitulukira mu 2014. Vutoli limayambira m'chotupamo, si la kumtundu, choncho musade nkhawa za ana anga. Achimwene muwauzenso kuti si mowa, ndikudziwa kuti anena zimenezo.

Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Koma chifukwa chiwindi chotsalacho n'cholimba, dokotala akuti angathe kudula mbali yodwalayo, ndipo chiwindi chimameranso. Ayamba aunika pachifuwa ndi m'mimba kuti aone ngati yafalikira. Abwana andilola kupuma osandichotsa ntchito.

Tsiku la opaleshoni akandiuza ndidzaimba foni. Mudzakhale ndi achemwali pafupi, musadzamve muli nokha. Muzindipempherera.

Ndine mwana wanu wokukondani.