Kaufiti amatipweteka akadali pansi, tisanyoze ofufuza za mizu

Mkonzi,

Pa msonkhano wa alimi kwathu mwezi watha, bambo wina anaimirira n'kunena kuti ndalama zopita ku kafukufuku wa mbewu n'zongotaya, bola boma lizigulira feteleza basi. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinangoti duu, koma nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima, n'chifukwa chake ndalemba.

Munda wanga wakumtunda uli ndi kaufiti. Amene analimapo pa nthaka yoguga akumudziwa: timaluwa tofiira tili psuu m'mizere, chimanga chili chachikasu, chopinimbira, masamba atapotana ngati kuli ng'amba chonsecho mvula ikugwa. Zaka zambiri ndinkamuzula ndi ana anga akangotulukira, msana kuchita kuwawa, chaka chotsatira n'kumeranso wochuluka. Agogo ankati munda walodzedwa, ndipo dzina lakelo likuchitira umboni maganizo amenewo.

Amene ananditsegula maso ndi anthu omwe bambo aja ankawanyozawo. Njere za kaufiti n'zazing'ono ngati fumbi, chitsamba chimodzi chimabala masauzande ambirimbiri, ndipo zimatha kugona m'dothi zaka zoposa 10 osamera. Zimadikira chizindikiro. Mizu ya chimanga imatulutsa timadzi tina m'nthaka, ndipo njere ikangotimva imamera, n'kubowola muzu, n'kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Kaufitiyo amatha masabata angapo akuyamwa ali pansi. Pomwe ife tikumuona n'kutenga khasu, chimanga chavulala kale.

Timadzito ofufuza anayamba kutipeza mu 1966 m'mizu ya thonje, ndipo lero timatchedwa strigolactones. Funso linatsala: chomera chingaitanirenji mdani wake? Yankho linabwera mu 2005 kuchokera kwa ofufuza a ku Japan. Chomera chimakhala chikuitana bwenzi, tamoyo tina ta mtundu wa bowa timene timalowa m'mizu n'kumachitungira mchere wa phosphorus m'dothi. Kaufiti amangobera uthengawo. Ndipo mcherewu ukachepa, mizu imatulutsa timadzi tochuluka. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake kaufiti amakonda munda wa mphawi, pomwe kuseri kwa khola, kumene kumagwera ndowe, simumuona kawirikawiri. Mu 2008 anapezanso kuti timadzi tomweti ndi mahomoni oletsa chomera kuchita nthambi zambiri.

Wina anganene kuti zimenezi n'za m'mabuku. Ayi ndithu. Thonje, soya ndi mtedza zimadzutsa njere za kaufiti wa m'chimanga, koma iye sangayamwe pa mizu ya mbewu zimenezi, motero amafa m'masiku ochepa. Kasinthasintha wa mbewu amene alangizi amatiuza uja maziko ake ndi amenewa, kungoti amatiuza ngati lamulo osafotokoza chifukwa, ndiye ambiri timangomvera m'khutu limodzi. Gebisa Ejeta wa ku Ethiopia, amene amagwira ntchito pa yunivesite ya Purdue ku America, analandira mphoto ya World Food Prize mu 2009 chifukwa cha mapira opirira kaufiti ndi chilala. Pambuyo pake gulu lake linapeza m'mapira kachigawo ka DNA (malangizo a chibadwa cha mbewu) kotchedwa LGS1, kamene kamasintha mtundu wa timadzi totuluka m'mizu kuti njere za kaufiti zisamve bwino kuitanako. Mu 2023, ofufuza otsogozedwa ndi a ku yunivesite ya Amsterdam anasonyeza kuti nachonso chimanga chili ndi mitundu ina yotulutsa timadzi tosadzutsa kaufiti kwambiri.

Feteleza ndimamufuna, sindikukana, ndipo mtengo wake umandiliza ngati wina aliyense. Koma thumba lake limatha chaka chomwecho, pomwe mbewu yabwino ikapezeka imathandiza mpaka adzukulu. Tili ndi malo ofufuzira za ulimi ku Chitedze, tili ndi sukulu ya zaulimi ku Bunda, tili ndi ana athu amene anaphunzira zimenezi mozama. Aphungu akamakambirana bajeti ya ulimi, awakumbukire anthu amenewa ndi zipangizo zawo.

Kwa inu Mkonzi, tipatseni tsamba limodzi pamwezi loti ofufuza azitifotokozera ntchito yawo m'Chichewa chomveka. Ndipo kwa ofufuzawo ndili ndi pempho: bwerani mudzatenge chimanga chamakolo chimene amayi athu amasunga pamwamba pa moto, mukayeze mizu yake, tione ngati mulibe mtundu wina wosaitana kaufiti. Changa ndasunga zisononkho zokwana lichero. Kumtunda kuja chaka chino ndikudzala mtedza, ndipo kaufiti aliyense wotuluka m'malire ndimuzula n'kumuwotcha asanachite maluwa.

Ine mlimi wa ku Mchinji