Khonsolo ikaletsa hita ya palafini, anthu awothe chiyani?

A Mkonzi,

Kuno ku Johannesburg ikangofika June, Amalawi ambiri amathamangira kukagula hita ya palafini. Mzindawu uli pamtunda, mamita opitirira 1,700, ndipo usiku kumazizira mpaka madzi kuundana. Pa 10 July 2023 kunagwa ndi chipale chofewa chomwe. Ndiye moto ukabuka m'nyumba yogona anthu ambiri, ena amati khonsolo ingoletseratu mahita amenewa.

Mphamvu yoletsayo khonsolo ili nayo. Gawo 156 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limalola makhonsolo kupanga malamulo awo, ndipo nkhani zozimitsa moto ndi za kamangidwe ka nyumba zili m'manja mwawo. Ku New York analetsa kale hita yotereyi m'nyumba zogonamo. Chifukwa chake n'chomveka. Mwana akaigunda palafini amatayika, moto n'kugwira bulangete. Mukatseka mawindo onse imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe sununkha, moti munthu amagona osadzukanso.

Koma amene amatchula New York amaiwala mbali ina ya lamulo lakumeneko. Kuyambira pa 1 October mpaka pa 31 May, mwini nyumba amakakamizidwa kutenthetsa zipinda za anthu ochita lendi. Boma linalanda hita m'manja mwa wolendi, udindo n'kuupereka kwa landilodi. Ngakhale zili choncho, mu January 2022 anthu 17 anafa ku Bronx, dera la mumzinda wa New York, ambiri a iwo ochokera ku Gambia, ndipo motowo unayamba ndi hita ya magetsi. Munthu wozizidwa safunsa lamulo, amayatsa chomwe wapeza.

Nanga kuno? M'nyumba zambiri za m'katikati mwa mzinda magetsi anadulidwa kalekale, kapena ndi olumikiza mwakuba. Mukaletsa palafini kumeneko, anthu alowetsa mbaula ya makala m'chipinda, ndipo maliro adzachuluka kuposa kale.

Tisaiwale za nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, m'katikati mwa Johannesburg, yomwe inapsa pa 31 August 2023. Anthu 76 anafa, Amalawi anzathu ali momwemo. Moto uja sunayambe ndi hita ayi. Anthu anafa chifukwa njira zothawira zinali zotseka ndipo mkati munali timisasa ta matabwa. Nyumbayo inali ya khonsolo yeniyeniyo, ndipo komiti yofufuza ya Justice Sisi Khampepe inapeza mu 2024 kuti khonsolo sinatsate malamulo ake omwe. Malamulo analipo, osowa anali owalondoloza. Kuwonjezera lamulo lina pamwamba pa amenewo n'kungodzaza mapepala.

Pempho langa n'lakuti khonsolo iyambire kwa eni nyumba amene amatolera lendi mwezi ndi mwezi: makomo othawira atseguke, zozimitsira moto zikhalepo, magetsi alumikizidwe bwino. Ikatero ithandizane ndi bungwe la boma loona kuti katundu akutsata miyezo yovomerezeka, la NRCS, kuchotsa m'masitolo mahita achabechabe. Kuyambira 2007 dziko lino lili ndi lamulo lakuti hita kapena chitofu cha palafini chizizima chokha chikagwa, koma wogula wamba sadziwa kusiyanitsa, amangoona mtengo. Nyumba yomwe magetsi ake akonzedwa, m'menemo aletse palafini, ine sindidzatsutsa.

Ndipo a ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria atithandizeko kufalitsa machenjezo amenewa m'Chichewa ndi m'Chiyao mwezi wa May usanathe.

Wowerenga wanu,
Johannesburg